KUDYA M'MALESITILANTI PA CIWERU NDI PA SONDO MU LUSAKA

Mwezi uliwonse, makamaka malipiro akatuluka, mabasi ocokera ku Chipata, Katete, Petauke ndi Lundazi amadzaza ndi anthu opita ku Lusaka. Ena amapita kukaoda katundu ku Kamwala ndi ku Soweto, ena kukaona acibale, ena kucikwati kapena kukaonerera mpira. Kumayambiriro kwa Ogasiti, pa mlungu wa tsiku la alimi, cionetsero ca zaulimi ndi zamalonda ku Showgrounds cimakoka khamu lalikulu koposa. Munthu wa paulendo saphika. Kwa masiku awiri kapena atatu, mimba yake ndi ya ana ake zili m'manja mwa ophika amene sawadziwa.

Kudya m'lesitilanti si cinthu coipa. Azimai ambiri amene amaphika nsima m'misika ndi pa matebeto a ku Thornpark ndi aukhondo, ndipo nchito imeneyi ndiyo imaphunzitsa ana ao sukulu. Komabe ife ogwira nchito m'zipatala timalandira anthu amene abwerako ku tauni ndi katundu pamutu ndi matenda m'mimba. Ambiri amacira patapita masiku awiri. Ena, makamaka ana ang'ono ndi okalamba, amafika madzi atatha kale m'thupi, ndipo pali ena amene timalephera kuwapulumutsa. Lero tifotokoza momwe cakudya cabwino cimasandukira poizoni, ndi zimene banja lingacite kuti lidye mokondwa ndi kubwerera kwao lili bwino.

KUKULA KWA BVUTOLI

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linalengeza mu 2015 kuti caka ciliconse anthu 600 miliyoni amadwala cifukwa ca cakudya coipitsidwa, ndipo 420,000 amamwalira. Mwa omwalirawo, 125,000 ndi ana osakwana zaka 5. Mu Afirika mokha muno odwala amafika 91 miliyoni pa caka, ndipo omwalira 137,000.

Kuno kwathu taziona ndi maso. Mu Okutobala 2017 kolera inabuka m'makomboni a Lusaka, kuyambira ku Chipata komboni ndi ku Kanyama. Pofika mu Meyi 2018 anthu oposa 5,000 anali atadwala ndipo oposa 100 anamwalira. Boma linatumiza asilikali kukayeretsa mzinda, linaletsa malonda a m'misewu, ndipo linatseka misika ndi malo ena odyera. Pakati pa malo otsekedwawo panali ndi ena amakono a m'kati mwa tauni, a magalasi owala ndi anchito obvala yunifomu. Mu Okutobala 2023 mliriwu unabweranso ndi mphamvu zoposa. Anthu oposa 20,000 anadwala m'dziko lonse ndipo oposa 700 anamwalira. Bwalo la mpira la Heroes linasanduka cipatala, ndipo masukulu amene anayenera kutsegulidwa pa 8 Januwale 2024 anatsegulidwa pa 12 Febuluwale.

Cimodzi mwa zifukwa zake ndi nthaka ya mzindawu. Mbali yaikulu ya Lusaka inamangidwa pa miyala ya laimu yokhala ndi ming'alu. Zonyansa za m'zimbudzi zokumba zimatsikira msanga m'madzi a pansi, ndipo zitsime zosazama za m'makomboni zimatunga madzi omwewo, makamaka mvula ikayamba. Pompi ikauma, wophika amene alibe potunga pena amatsukira mbale ndi ndiwo zamasamba m'madzi amenewa.

CIFUKWA CAKE CIWERU NDI SONDO NDI MASIKU OOPSA

Tizirombo todwalitsa, timene ena amati tudoyo, sitioneka ndi maso. Kuti tiswane timafuna zinthu zinai: cakudya, cinyezi, kufunda ndi nthawi. Timaswana bwino pakati pa madigiri 5 ndi madigiri 60, ndiye kuti pa cakudya cimene sicili cozizira ngati ca mu firiji komanso sicili cotentha kwenikweni. Cakudya cofunda cabe, cimene mungapisemo cala osapsa, ndico mudzi wao.

Pa kufunda kotere, kacirombo kamodzi kangathe kugawika pawiri pa mphindi 20 zilizonse. Pa ola limodzi kamodzi kaja kasanduka 8. Pa maola 7 tafika toposa 2 miliyoni. Tsono ganizirani supu ya nyama imene inaphikidwa 06 koloko m'mawa ndi kuikidwa pambali pa mbaula. Inu mukufika kudzadya 13 koloko. Maola 7 aja akwana.

Masiku wamba, mai wa lesitilanti amadziwa makasitomala ake ndipo amaphika zokwanira. Pa Ciweru ca kumapeto kwa mwezi kapena pa nthawi ya cionetsero, zinthu zimasintha. Amaphika m'mapoto aakulu m'mamawa kuti asadzacepekedwe, ndipo poto wamkulu amatenga maola ambiri ali wofunda pakati. Amaitana acibale kudzathandiza, anthu amene sanapimidwe ku cipatala ndipo sanaphunzire kasamalidwe ka cakudya. Madzi a m'mgomo amatha msanga, motero mbale zambirimbiri zimatsukidwa m'beseni limodzi. Zotsala za pa Cisanu zimasakanizidwa ndi zatsopano. Onjezeranipo kuzima kwa magetsi, monga tinaonera mu 2024 pamene madzi anacepa ku Kariba ndipo magetsi anali kuzima maola ambiri pa tsiku. Firiji yozima, ngakhale isatsegulidwe, imasunga bwino cakudya kwa maola 4 cabe.

Akuluakulu anati tsoka silinunkha. Tizirombo timene timaoletsa cakudya ndi kucinunkhitsa ndi tina, ndipo timene timadwalitsa munthu ndi tinanso. Nyama ingathe kununkhira bwino, kuoneka bwino ndi kukoma bwino, koma ili ndi matenda. Musadalire mphuno yokha.

MATENDAWA AMAONEKA LITI?

Anthu ambiri akadwala amanamizira cakudya cimene anadya komalizira. Nthawi zina alondola, koma kawirikawiri ai. Mtundu uliwonse wa tizirombo uli ndi nthawi yake.

Kusanza kwambiri kumene kwayamba pasanathe maola 6 mutadya kumabwera cifukwa ca poizoni amene tizirombo tinasiya kale m'cakudya. Tina mwa ito timacokera pa khungu, m'mphuno kapena pa cironda ca wophika. Tina timakonda mpunga wogona.

Kupotokola ndi kutsegula m'mimba kumene kwayamba patapita maola 6 mpaka 24 kawirikawiri kumacokera ku nyama ndi supu zophikidwa zambiri ndi kusiyidwa zofunda.

Kutsegula m'mimba pamodzi ndi kutentha thupi, patapita tsiku limodzi mpaka masiku 5 kapena 6, kumakonda kucokera ku nkhuku ndi mazira zosapsa bwino. Tizirombo todziwika pamenepa ndi Salmonella ndi Campylobacter.

Kolera imaoneka patapita maola 12 mpaka masiku 5. Tayifodi imatenga mlungu umodzi mpaka milungu itatu. Matenda a ciwindi a Hepatitis A, amene amacititsa maso kukhala acikasu, amaoneka patapita pafupifupi mwezi wathunthu, munthu ataiwala kale za ulendo.

N'cifukwa cake mukabwera ku cipatala timakufunsani zimene munadya masiku atatu apitawo, kumene munapita mwezi uno, ndiponso ngati pali wina amene munadya naye amene wadwala. Yankhani mosabisa. Mayankho amenewa ndiwo amatilondolera ku mankhwala oyenera.

POSANKHA MALO ODYERA

Musanakhale pansi, imani pang'ono ndi kupenyetsetsa zinthu izi.

1. Kodi pali makasitomala ambiri? Pamalo pamene anthu amasinthana mipando, cakudya sicikhalitsa. Pamalo pa zii, mapoto ali odzaza dzuwa litapendeka, dzifunseni kuti cakudyaco caphikidwa nthawi yanji.

2. Kodi cakudya cikutuluka nthunzi? Ndiwo ziyenera kucoka pa moto kubwera m'mbale yanu. Kutentha kwa madigiri 70 mpaka pakati pa cakudya kumapha pafupifupi tizirombo tonse. Zikabwera zofunda cabe, pemphani mwaulemu kuti azibwezere pa moto mpaka ziwire.

3. Kodi pali madzi ndi sopo zosambira m'manja? Ngati kasitomala sanaikiridwe sopo, n'zokaikitsa kuti wophika ali nayo kuseriko.

4. Kodi cimbudzi cili kuti, ndipo cili bwanji? Ophika amapita komweko.

5. Kodi cakudya n'cobvundikira? Nchenche imene yatera pa nyama yanu yacokera ku mulu wa zinyalala kapena ku ngalande. Imanyamula zonyansa ku miyendo, ndipo imalabvulira pa cakudya isanadye.

6. Kodi dzanja lolandira ndalama ndi lomwelo logwira nyama? Wopakula agwiritse nchito cipande, foloko kapena copanira.

7. Kodi mpeni ndi thabwa zodulira nkhuku yaiwisi ndi zomwezo zodulira tomato ndi anyezi? Nkhukuyo idzapita pa moto, koma tomato wa saladi adzabwera kwa inu ndi madzi a nkhuku yaiwisi.

8. Kodi pa khoma pali cikalata ca khonsolo? Malamulo a dziko lino, ndiwo Public Health Act ndi Food Safety Act ya 2019, amapatsa mphamvu anchito a zaukhondo kuyendera ndi kutseka malo ogulitsa cakudya. Aliyense wogwira cakudya ca malonda ayenera kupimidwa ku cipatala miyezi 6 iliyonse ndi kukhala ndi cikalata cake. Kufunsa si mwano. Safunsa anadya phula.

KUSAMBA M'MANJA

Nsima timadya ndi dzanja, ndipo dzanja lomwelo lagwira zitsulo za m'minibasi, ndalama, foni, mabelo a salaula ndi manja a anthu ambiri amene tapatsana nao moni. Cakudya cingakhale caukhondo cotani, dzanja lakuda limaciipitsa pa mbamu yoyamba.

Mwambo wathu wosambira m'beseni limodzi ndi waulemu, koma uli ndi bvuto. Atate amayamba, amai amatsatira, ndipo mwana wamng'ono, amene thupi lake ndi lofooka koposa onse, amasamba komalizira m'litsiro la banja lonse. M'lesitilanti beseni limenelo mwina lazungulira kale matebulo ena. Pemphani madzi othirira ndi jagi, wina athire wina asambe, madzi akuda agwere m'beseni. Pakani sopo kwa masekondi 20, pakati pa zala ndi m'zikhadabo momwe. Thaulo lopacikidwa pa msomali, limene aliyense wapukutira kuyambira m'mawa, lisiyeni. Gwedezani manja aume okha. Mankhwala opaka m'manja aja tinazolowera pa nthawi ya COVID-19 amathandiza pamene palibe madzi, koma sagwira bwino nchito pa manja a mafuta kapena a dothi.

TIITANITSE CIANI?

Nsima yotentha, yongocoka pa moto, ndi cimodzi mwa zakudya zodalirika koposa, cifukwa imawira nthawi yaitali. Ngozi imakhala mu ndiwo. Kapenta, nsomba, nyemba, repu, cibwabwa ndi kalembula zili bwino ngati zikutentha. Ndiwo zotendera zimasasa msanga kukatentha, motero muzidya zophikidwa kumene.

Nkhuku muing'ambe pafupi ndi fupa. Mukaona magazi kapena mnofu wofiirira, ibwezeni. Nkhuku yocoka mu firiji ili youma ndi cisanu, ikaponyedwa m'mafuta otentha imapsa kunja pamene m'kati ikali yaiwisi.

Mpunga uli ndi nkhani yake. Tizirombo tina ta mu mpunga tili ndi zikhokhombe zolimba zimene sizifa pophika. Mpunga ukasiyidwa wofunda, timadzuka ndi kutulutsa poizoni, ndipo poizoni ameneyu saonongeka ngakhale mpungawo autenthetsenso. Funsani ngati ndi wa lero.

Saladi ya kabici ndi mayonezi sipita pa moto konse. Ngati siicokera mu firiji, kapena simudziwa madzi amene anatsukira, ndi bwino kuikana, makamaka m'nyengo ya mvula. Pa zipatso, sankhani zimene mudzasenda nokha monga nthoci ndi malalanje. Mavwende ndi zinanazi zoduladula zimene zakhala pa dzuwa zisiyeni.

Michopo ya mbuzi ndi ya ng'ombe imakoma madzulo, koma woocha amakhala ndi mulu wina pambali umene unapsa kalekale. Lozani nthuli imene ili pa moto ndipo dikirani ipse mpaka m'kati. Mbale ya mcere ndi tsabola imene aliyense amapisamo zala ndi njira ina ya matenda. Pemphani akuthirireni pa pepala lanu.

NYAMA YA NKHUMBA NDI NYAMA YOCHIPA

Ife a kum'mawa timakonda nkhumba, ndipo timadziwa timatuza toyera tija timapezeka mu mnofu wake, timene ambiri amati masese. Amenewa ndi ana a njoka ya m'mimba yaitali, yaphanthiphanthi. Munthu akadya nyama yotere yosapsa bwino, njokayo imakulira m'matumbo mwake ndipo mazira ake amatuluka ndi cimbudzi. Coopsa cacikulu cimabwera apa. Munthu wokhala ndi njokayi akagwira cakudya osasamba m'manja, amadyetsa anzake mazira aja. Mazirawo amaswa, ndipo ana a njoka amayenda ndi magazi mpaka ku ubongo kumene amakapanga masese omwe aja. Zotsatira zake ndi khunyu, kumene kungayambe patapita zaka. Ofufuza amene anagwira nchito m'maboma a Katete ndi Petauke anapeza kuti njokayi ndi imodzi mwa zifukwa zazikulu za khunyu m'madera amenewa. Zindikirani kuti ngakhale munthu wosadya nkhumba angadwale motere, ngati womuphikira ali ndi njokayi. Nkhumba iphikidwe kapena kuochedwa mpaka pasakhale pofiira paliponse, ndipo ya masese isadyedwe konse.

Cenjeraninso ndi nyama yochipa modabwitsa. Ng'ombe yofa yokha ingathe kukhala ndi matenda a anthrax. Mu 2011 anthu oposa 500 anadwala ku Chama atagwira ndi kudya nyama ya mvuu zofa zokha. Mu 2023 matendawa anayambira ku Sinazongwe ndipo odwala anapezeka m'zigawo 9 mwa zigawo 10 za dziko lino. Nyama yopimidwa imakhala ndi cidindo, koma ikalowa mu poto cidindoco simungacionenso. Mwini lesitilanti woona mtima sabvutika kuchula buchala imene amagulako.

MADZI NDI ZAKUMWA

Kolera ndi tayifodi zimayenda kwambiri ndi madzi. Pogula madzi a m'botolo, onani ngati citsekero cake sicinatsegulidwepo, cifukwa mabotolo otoledwa amadzazidwanso. Madzi a m'jagi ya pa tebulo musamwe musanafunse ngati ndi owiritsa kapena othira klorini. Cisanu ca mu firiji sicipha tizirombo, cimangotigoneka. Motero aisi woponya m'kapu ndi maaisi buloko a m'mapulasitiki amene ana amalirira pa siteshoni ndi aukhondo monga momwe analiri madzi opangira.

Munkoyo, thobwa ndi maheu ophikidwa kunyumba amawiritsidwa popanga, koma ena amawasungunula ndi madzi osawiritsa ndi kuwathira m'mabotolo osatsuka bwino. Gulani kwa munthu amene mukuona ukhondo wake. Tiyi wotentha alibe bvuto. Njira yosaboola m'thumba ndi kunyamula madzi anu. Awiritseni mpaka abwate kwa mphindi imodzi yathunthu, kapena thirani Clorin motsatira muyeso wolembedwa pa botolo ndi kudikira mphindi 30 musanamwe.

Abambo ena amati mowa umapha tizirombo m'mimba. Si zoona. Mowa umangoonjezera kutaya madzi m'thupi, ndipo munthu woledzera sayang'ananso ngati nyama yapsa.

Amene analandira katemera wakumwa wa kolera mu 2018 kapena mu 2024 asadzinamize. Mphamvu yake imacepa ndi nthawi, ndipo sateteza ku tayifodi, kamwazi kapena matenda ena a m'cakudya.

ODWALA BP NDI SHUGA

Pali ngozi ina imene sitsegula m'mimba. Kafukufuku wa STEPS amene Unduna wa Zaumoyo unacita mu 2017 anapeza kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa asanu alionse m'Zambia ali ndi BP yokwera. WHO imalangiza kuti munthu asapitirire magalamu 5 a mcere pa tsiku, ndiye kuti kasupuni kamodzi ka tiyi kosadzaza mulu, kuwerengera ndi mcere wa mu ndiwo momwe. Soseji, machipisi, michopo ndi supu za zokometsera za m'mapaketi zili kale ndi mcere wambiri. Lawani musanatambasule dzanja ku mcere wa pa tebulo.

Botolo limodzi la zakumwa zotsekemera la mamililita 300 lili ndi shuga wokwana pafupifupi timasupuni 8. Wodwala shuga amwe madzi, acepetse nsima, aculukitse ndiwo zamasamba, ndipo asankhe nsomba kapena nkhuku yoocha m'malo mwa yokazinga m'mafuta akuda amene abwerezedwa kambirimbiri. Nyamulani mankhwala anu okwanira masiku onse ndi kuonjezerapo a masiku awiri, poti basi imafa panjira. Amene amabaya insulini kapena kumwa mapilisi otsitsa shuga asadumphe cakudya cifukwa cotanganidwa ndi kuoda. Akayamba kunjenjemera, kutuluka thukuta ndi kuona cizungulire, amwe msanga cinthu cotsekemera, kenaka adye.

Amai apakati, ana osakwana zaka 5, okalamba ndi onse amene citetezo ca m'thupi mwao n'cocepa, monga odwala HIV amene sanakhazikike pa mankhwala, asamale koposa ena onse. Kwa iwo cakudya cikhale cotentha nthawi zonse.

ZOTSALA NDI ULENDO WOBWERERA

Palibe kholo limene limafuna kufika kunyumba cimanjamanja. Ambiri amagula nkhuku ndi machipisi ku Intercity kuti akapatse ana. Koma kucoka ku Lusaka kufika ku Chipata ndi mtunda woposa makilomita 550, ndipo basi imatenga maola 8 kapena kuposa, kudutsa m'cigwa cotentha ca Luangwa. Cakudya cophika sicifunika kukhala kunja kwa firiji kupitirira maola 2. Nkhuku yotsekeredwa m'pulasitiki pa miyendo panu tsiku lonse imafika ili yoopsa, ndipo amene amaidya ndi ana.

Cakudya cophika idyani pomwepo. Ca ana kunyumba cikhale buledi, mabisiketi, zipatso zosasenda, kapena nsomba zouma za pa mlatho wa Luangwa zimene mudzaphika bwinobwino mukafika. Pamene basi yaima panjira, malangizo ndi omwe aja: cotentha, cobvundikira, ndi manja osamba.

MUNTHU AKADWALA

Cimene cimapha pa kutsegula m'mimba ndi kutha kwa madzi ndi mcere m'thupi. Mankhwala oyamba ndi ORS, amene ambiri timawadziwa kuti Madzi a Moyo. Sungunulani paketi imodzi m'madzi aukhondo a muyeso wolembedwa pa paketipo, umene kawirikawiri ndi lita imodzi. Ngati mulibe paketi, thirani timasupuni 6 ta shuga tosadzaza mulu ndi theka la kasupuni ka mcere mu lita imodzi ya madzi owiritsa. Musapitirire muyeso wa mcere. Zakumwa zotsekemera za m'mabotolo sizilowa m'malo mwa Madzi a Moyo, cifukwa shuga wake woculuka amaonjezera kutsegula.

Mwana wosakwana zaka 2 amwe kota mpaka theka la kapu nthawi iliyonse akacita cimbudzi. Wa zaka 2 mpaka 10 amwe theka mpaka kapu yodzaza. Wamkulu amwe momwe angathere. Mwana akasanza, dikirani mphindi 10 ndi kuyambanso pang'onopang'ono ndi kasupuni. Pitirizani kuyamwitsa ndi kupatsa phala. Ku kiliniki adzakupatsani mapilisi a zinki oti mwana amwe masiku 10 mpaka 14, ndipo amalize ngakhale kutsegula kutaleka.

Thamangirani ku cipatala mukaona cimodzi mwa izi: cimbudzi ca madzi okhaokha coyera ngati madzi otsukira mpunga; magazi m'cimbudzi; kusanza ciliconse; maso olowa m'kati; liwombo la khanda lolowa; khungu losabwerera msanga mukalitsina; kusakodza; kufooka kapena kugona kosadzuka bwino; kutentha thupi kwambiri; kapena kutsegula kopitirira masiku atatu. Kolera ingathe kupha munthu wamphamvu m'maola ocepa. Musadikire kuce. Wodwala apite akumwa Madzi a Moyo m'njira monse.

Musagule Flagyl, Septrin kapena makapisozi pa kantemba. Kutsegula m'mimba kwambiri kumatha kokha popanda mankhwala amenewa, ndipo kumwa mwacisawawa kumapangitsa tizirombo kuwazolowera kotero kuti tsiku limene adzafunikadi sadzagwira nchito. Mapilisi oimitsa m'mimba asapatsidwe kwa ana kapena kwa munthu wa kamwazi. Ndipo ngati patapita mlungu umodzi kapena iwiri mwayamba kutentha thupi, mutu ndi kupweteka m'mimba, koma popima malungo sanapezeke, uzani a cipatala za ulendo wanu kuti aganizire tayifodi.

Anthu angapo amene munadyera pamodzi akadwala, dziwitsani kiliniki kapena anchito a zaukhondo a khonsolo. Colinga si kugwetsa malonda a munthu. Poto umene wadwalitsa banja lanu ukali kupakulidwa kwa ena.

MAU KWA ENI MALESITILANTI

Amai ndi abambo ophika, kasitomala amene wadwala sabweranso, ndipo amauza anzake. Phikani pang'onopang'ono kawiri kapena katatu pa tsiku m'malo mophika zonse m'mawa. Mapoto akhale pa moto wa malasha mpaka cakudya cithe. Patulani zaiwisi ndi zakupsa, mpeni wake ndi thabwa lake. Thirani klorini m'madzi onse a m'khichini. Wanchito amene akutsegula m'mimba, kusanza kapena ali ndi cironda pa dzanja apume mpaka acire, ndipo musamudule malipiro, cifukwa mukatero mawa adzabisa.

Kwa inu apaulendo, polongedza cola ikanimo kasopo, botolo la madzi owiritsa, mapaketi awiri a Madzi a Moyo ndi mankhwala amene mumamwa masiku onse. Zonsezi mtengo wake sufika pa mbale imodzi ya nsima ndi T-bone. Mukafika m'tauni, yang'anani nthunzi pa mbale, sambani ndi madzi othirira, ndipo pamene mtima wakaika, pitani pa lesitilanti yotsatira. Mu Lusaka malo odyera ndi ambiri.